Msuweni, za ubongo zija

Eee, msuweni... ukundimva? Dikira ndichepetse wailesiyi. Ndati ndingojambula mawu, zala zatopa.

Ndaona funso lako pagulu pano, loti kodi n'zoona kuti munthu kukhala wolongolola, kapena wankhawankhawa, zimachokera mu ubongo. Iwe? Iwe amene sayansi unkaithawa ngati ngongole, lero wadzuka ndi ludzu la ubongo 11 koloko usiku? Usandinamize. Funso limenelo linabadwa Loweruka lija, azakhali atanena kuti mwana wako sunamuphunzitse kucheza, chifukwa anakhala pakona ndi buku lake mpaka kubalalika. Ndinakuona nkhope. Chabwino, za ubongozo ndiyankha.

Panali mkulu wina, katswiri wa za maganizo a anthu, Hans Eysenck, wobadwira ku Berlin koma ntchito anagwirira ku London. Mu 1976... ayi ndanama, 1967, anatulutsa buku la nkhani imeneyi. Iye ankati m'munsi mwa ubongo, cha pamene umalumikizana ndi msana, muli timitsempha timene timaudzutsa, ngati pokwezera voliyumu. Anthu ofatsa voliyumu yawo ndi yokwera kale, kaphokoso pang'ono kawakwana. Olongolola yawo ndi yotsika, ndiye amachita kusaka anthu ndi phokoso kuti amve bwino. Anafika poyesa ndi madzi a ndimu, kudontheza pa lilime, n'kupeza kuti ofatsa amatulutsa malovu ambiri kuposa anzawo aja. Usakayese pa mwana, ndimakudziwa iwe.

Ndiye za nkhawa anati zimenezo n'zapadera, zili ndi malo akeake... aaa, dikira, zandikumbutsa amalume aang'ono.

Ukukumbuka chaka chija cha sutikesi? Ayi, usaseke, ya sutikesi tiisiye, amayi ali pagulu pano. Chaka chomwecho ndinawaperekeza amalume kuchipatala, za bondo lija. Tafika pamzere, anthu ali duu, aliyense akumvera ululu wake. Sipanathe mphindi 20, amalume adziwa kale dzina la aliyense pabenchi. Anyamula khanda la mayi wina, akulembera fomu agogo ena, kwinaku akukangana za mpira ndi mlonda. Namwino anachita kuitana dzina lawo katatu, eni ake ali kumapeto kwa khonde akulemba nambala ya munthu amene sadzamuimbira n'komwe. M'kabuku kofiira kaja, kong'ambika chikuto, kamene amakamanga ndi labala. Ine manyazi, maso pansi. Munthu wa bondo lopweteka, koma ndi amene anayenda kwambiri m'chipatala monsemo.

Usiku wake ndinagona kwawo. Tulo tikuti tibwere, ndimva kiyi, khwa khwa. Akhoma, agwedeza chitseko, abwerera kukagona. Patapita kanthawi, khwa khwa kachiwiri. Kachitatu abwera ndi tochi, aunika soketi ya ayironi, kenako aunika ine kumaso. Akuti, "Mphwanga, dokotala uja sindinamulakwire? Paja ndinaseka paja?" 2 koloko usiku! Ndinati amalume, dokotalayo wagona, sakukukumbukani n'komwe. Anakhala chete, kenako akuti, "Sakundikumbuka? Ndiye kuti sindinamusangalatse." Iii, ndinangofunda kumutu. M'mawa kutacha, ayambiranso nthabwala ngati si iwo.

Tsono tenga amalume aakulu. Mawu awo a tsiku lonse ungawawerenge ndi zala. Koma tsiku lija la galimoto, tonse tikunjenjemera, iwo anangotsika, kuyang'ana tayala, n'kukhala pansi kudikira. Usiku wake mkonono mpaka kucha.

Ndimati chiyani paja... eya. Wophunzira wa Eysenck, Jeffrey Gray, cha m'ma 1970 anaikonza nkhaniyi, ndipo ine ndimaona kuti yake ndi imene imamveka. Anati mu ubongo muli zinthu ziwiri zosiyana. China chimati "tiye, uko kuli zabwino", china chimakugwira malaya n'kumati "taima kaye, mwina kuli zoopsa". Choyambacho akatswiri amachigwirizanitsa ndi dopamine, mankhwala a mu ubongo amene amachititsa munthu kulakalaka ndi kuthamangira chimene akuyembekeza kuti chimukomera. Kwa amalume aang'ono, munthu wachilendo pabenchi ndi mphatso yosatsegula. Chachiwiricho chimayendera mbali za mkati zimene zimalira ngati alamu, monga kachigawo kotchedwa amygdala. Ena alamu yawo imalira ngakhale mphepo ikangowomba chitseko.

Koma amygdala si ya mantha okha ayi. Mu 2002, Turhan Canli ndi anzake ku yunivesite ya Stanford ku America anaika anthu m'makina ojambula ubongo n'kumawaonetsa zithunzi za nkhope. Nkhope yamantha inkaidzutsa mwa onse. Nkhope yomwetulira inkaidzutsa kwambiri mwa ochezeka. Kungoti anayesa anthu ochepa, ndipo kafukufuku wa anthu ambiri amene wabwera pambuyo amapeza kuti kugwirizana kwa chithunzi cha ubongo ndi khalidwe n'kochepa. Palibe makina amene angajambule mwana wako n'kukuuza kuti uyu ndi wakuti. Wina akakuuza zimenezo, gwira chikwama.

Za kutengera, eya kulipo. Akatswiri akafanizira mapasa, amapeza kuti pafupifupi 40 peresenti ya kusiyana kwa anthu pa makhalidwe amenewa imachokera ku majini. Majini a m'thupi, amene timatengera kwa makolo, osati aja amene azakhali amawaopa. Ndipo si jini imodzi, ndi ambirimbiri, iliyonse ikuthirapo kadontho. Nkhawa nayo kwa ambiri imachepa akamakula. Kwa ambiri ndati, amalume tiwachotsepo.

Ndiye tamvera, msuweni, pano ndi pamene ndimabwera. Kufatsa ndi nkhawa si chinthu chimodzi. Azakhali aona mwana ali phee, akuganiza kuti akuvutika, iwenso wayamba kudziimba mlandu. Koma ine Loweruka lija ndinakhala naye pang'ono pakona paja. Anandionetsa tsamba limene anali kuwerenga, anaseka yekha, n'kundifunsa ngati nsomba zimagona. Mwana ameneyo phwando linamukwana, basi. Sanali kubisala.

Iwe uziyang'ana zina. Akugona bwino? Ali ndi mnzake, ngakhale mmodzi? Akamapita kusukulu, m'mimba mumamupweteka tsiku ndi tsiku? Amalira pa zinthu zimene sizinachitike? Zimenezo zikakhalapo, ndiye nkhani ya alamu ija, ndipo ili ndi thandizo, aphungu amazidziwa. Koma kungokhala chete... ayi. Wolankhula kwambiri m'banja mwathu ndi amene amadzuka katatu kukagwedeza chitseko. Wosalankhula ndi amene amagona. Kuchuluka kwa mawu sikukuuza chimene chili mumtima mwa mwana.

Ukundimva? Ndibwerezenso, chifukwa iwe ukamamvera voisi umakhala ukuchita zina. Mwana wako ndi wofatsa, sunamuwononge, ndipo kufatsako si nkhawa. Usiye kumukankhira pakati pa anthu kuti azakhali akhutire. Akatopa, umulole akakhale pakona pake.

Batire yatsala pang'ono. Amalume aang'ono, ndikudziwa kuti mumvera voisi imeneyi kawiri, kenako mundiimbira usiku kufunsa ngati ndinakwiya nanu chaka chija. Sindinakwiye. Ndipo chitseko munakhoma.