Ngati sanabe mavoti, chisankho cha 2019 chinafafanizidwiranji?

Owerenga wina wanditumizira imelo. Akuti mnzake amaumirira kuti khothi silinapeze umboni woti a Peter Mutharika anaba mavoti mu 2019, ndiye akufunsa kuti: nanga chisankhocho chinafafanizidwa pachifukwa chanji?

Akulu, mnzanuyo sakunama, koma wangogwira mbali imodzi ya nkhani. Chigamulo cha pa 3 February 2020 sichinati a Mutharika anaba. Mlandu unagwera bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lomwe wapampando wake anali mayi Jane Ansah.

Tiyambe ndi manambala. Pachisankho cha pa 21 May 2019, MEC inati a Mutharika apeza 38.57 peresenti, a Lazarus Chakwera 35.41, a Saulos Chilima 20.24. Pakati pa woyamba ndi wachiwiri panali mavoti pafupifupi 159,000 okha. Zotsatirazi zinalengezedwa pa 27 May, pomwe madando okwana 147 anali atafika kale ku MEC.

Mtima wa nkhani uli papepala la zotsatira. Mavoti akawerengedwa pamalo oponyera voti, mkulu wa pamalopo amalemba manambala pafomu, mamonita a zipani amasainira, ndipo aliyense amatenga kope lake. Fomu imeneyo ndiyo imapita kumalo ophatikizira zotsatira. Mphamvu yake yonse yagona poti yasainidwa pamaso pa mboni ndipo siikhudzidwanso. Koma m'khothi munatulukira mafomu ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena olembedwa mokandapo manambala, ena osasainidwa, komanso makope omwe anagwiritsidwa ntchito m'malo mwa mafomu enieni. MEC inkati ogwira ntchito ake ankangokonza masamu olakwika. Mwina ena anaterodi. Vuto ndi loti nambala ikakwiriridwa ndi utoto woyera mamonita atapita kwawo, palibe angatsimikize chomwe chinali pansipo, ndipo lamulo silinapereke mphamvu yokonza mwanjira imeneyo kwa wina aliyense.

Maloya a MEC ndi a Mutharika ankati odandaula, a Chakwera ndi a Chilima, asonyeze kuti zolakwikazo zinasintha wopambana. Majaji asanu omwe anamva mlanduwu, a Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, anakana kuyeza ndi masamu okha. Anati zolakwika zikafalikira chonchi, zotsatirazo sizingadaliridwe kuti zikuimira chifuniro cha ovota. Ine ndikuona kuti analondola: kuuza wodandaula kuti awerenge mavoti obedwa kuchokera pamapepala omwe awonongedwa kale ndi kumutsekera chitseko dala.

Anagamulanso kuti gawo 80 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti wopambana apose theka la mavoti onse, ija timati 50+1, ndipo analamula chisankho chachibwereza pasanathe masiku 150. Bwalo lalikulu la apilo linagwirizana nawo pa 8 May 2020.

Ngati mukufuna poloza chala pankhani yogwiritsa ntchito mphamvu za upulezidenti molakwika, yang'anani zomwe zinachitika chigamulo chitatuluka. M'mwezi wa March 2020, a Mutharika anakana kusainira mabilu a zachisankho omwe aphungu anavomereza, ndipo sanachotse makomishonala a MEC ngakhale komiti ya Nyumba ya Malamulo inapeza kuti analephera ntchito. M'mwezi womwewo anasintha mkulu wa asilikali, a Vincent Nundwe, omwe asilikali awo ankateteza anthu pazionetsero. Kukana bilu ndi kusintha mkulu wa asilikali ndi mphamvu zomwe pulezidenti ali nazo, choncho apo munthu angatsutse nthawi yake ndi cholinga chake basi. Chomwe chinadumpha malire ndi cha mu June, pamene boma linalengeza kuti mkulu wa majaji, a Andrew Nyirenda, apite kutchuthi mpaka nthawi yopuma pantchito, chisankho chitatsala masiku ochepa. Nkhani ya tchuthi cha jaji si ya nthambi ya pulezidenti. Khothi linaika chiletso, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo, ndipo a Nyirenda anakhalabe pampando.

Mayi Ansah anatula pansi udindo mu May, a Chifundo Kachale n'kulowa m'malo mwawo. Pa 23 June 2020 a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 peresenti. Mumuuzenso mnzanuyo kuti 50+1 siinapangidwire kulimbana ndi munthu mmodzi: mu September 2025 a Mutharika omwewo anapambana pansi pa lamulo lomwelo ndi mavoti oposa 56 peresenti, wachiwiri wawo ali mayi Ansah.