Iye ndi "he" kapena "she"? Nanga "ndi" ndi mawu amtundu wanji?

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 7 pasukulu ina kufupi ndi Luchenza. Ana anga amasokoneza "he" ndi "she", mpaka kulemba kuti "My mother he sells bananas". Ndiwathandize bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, anawo si ogona ayi, ndipo musawakalipire. Akutsata Chichewa chimene chili m'mutu mwawo. Mlowam'malo wathu "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi. Ife timayang'ana zina: gulu la dzina komanso ulemu. Mbuzi timati "iyo", chimanga "icho", khasu "ilo", mtengo "iwo", pamene Chingerezi chimangoti "it" pa zonsezi. Tikafika pa munthu, Chingerezi chimafuna chidziwe kaye ngati ali mwamuna kapena mkazi, funso limene mwana wa ku Thyolo sanazolowere kulifunsa asanatsegule pakamwa.

M'chiganizo mwaperekachi muli vuto lachiwiri, ndipo kwa ine ndilo lalikulu. "He" uja sakufunika n'komwe, ngakhale atasinthidwa kukhala "she". Tikamati "Amayi amagulitsa nthochi", mneni amayamba ndi mgwirizanitsi a-, ndipo mwana amamva kuti a- ameneyu ayenera kupezeka ndithu m'Chingerezi. Ndiye amaika dzina, n'kuikanso mlowam'malo pambali pake. Muuzeni kuti m'Chingerezi mlowam'malo amabwera dzina likachoka, awiriwa sayendera limodzi. Ulemu nawo umabala zake: mudzamva "My father they are coming", chifukwa mwana woleredwa bwino sangawatchule bambo ake ngati munthu mmodzi. Muyamikireni ulemuwo, kenako mumufotokozere kuti "he" si mwano.

Chimodzimodzi "you", amene amaimira "iwe" ndi "inu" yemwe. Kale Angerezi anali ndi "thou" wa munthu mmodzi, ndipo aliyense amene anatsegulapo Baibulo la King James la 1611 anamuona. M'kupita kwa nthawi "you" waulemu uja anatsala yekha.

M'kalasimo imitsani mnyamata ndi mtsikana kutsogolo, anzawo azinena zimene aliyense akuchita, mwachangu, tsiku ndi tsiku. Khutu likazolowera, dzanja lidzalemba bwino.

Funso: Ndili Fomu 2, ndimakhala pa Chitakale ku Mulanje. Pokonzekera JCE ndasokonezeka: ena akuti "ndi" ndi mlumikizi, ena akuti ndi mneni. Zoona ndi ziti?

Yankho: Onsewo akunena zoona, mwana wanga, chifukwa mtundu wa mawu umadziwika ndi ntchito imene mawuwo akugwira m'chiganizo. Ukati "Agogo ndi mlimi", "ndi" ndi mneni. Ukati "Ndagula nthochi ndi chinanazi ku Limbuli", walumikiza mayina awiri, choncho ndi mlumikizi. Koma mu "Adula nthochi ndi chikwanje" akusonyeza chida chogwirira ntchito, ndiye kuti ndi mperekezi. N'chifukwa chake sindikondwera ndi kuloweza mndandanda wa mawu popanda ziganizo. Mwana amalowa m'chipinda cha mayeso atanyamula yankho limodzi pa funso la mayankho atatu.

Taona "uyu". Mu "Mwana uyu wadwala" akukamba za dzina limene lili pomwepo, ndiye ndi mfotokozi woloza. Mu "Uyu wadwala" dzina lachoka ndipo "uyu" watenga malo ake, wasanduka mlowam'malo. Pepala la Chingerezi lili ndi msampha womwewu. Mu "I saw her at the tea estate", "her" ndi mlowam'malo, pamene mu "her basket is full" akufotokoza mwini dengu. "Water" ndi dzina mu "fetch water", koma mu "water the seedlings" ndi mneni, kuthirira.

Ukapeza mawu odulidwa mzere kunsi, werenga chiganizo chonse kaye. Kenako yesa kuwachotsa n'kuikapo ena amene mtundu wake ukuudziwa bwino. Ngati pa "ndi" paja pakukwana "komanso", lemba mlumikizi. Ngati pakukwana "anali", lemba mneni.