Kodi mungadziwiretu njerwa zimene chisanu chidzaziswe?

Bambo wina amene akukhala ku Leeds, mzinda wa ku England, wanditumizira imelo yonena kuti njerwa za mpanda wake zakanganuka kunja kwake nyengo yachisanu itatha, pomwe khoma la nyumba silinakhudzidwe, ndipo akufunsa ngati pali njira yodziwiratu njerwa zimene zidzawonongeke.

Bambo, njira ilipo, koma musayambire pa kuzizira. Yambirani pa madzi amene njerwayo yamwa. Njerwa yowotcha ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi a m'timabowomo akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. Timabowoto tikakhala ndi mpata, madziwo amapeza kothawira, koma tikadzaza, amakankha njerwayo kuchokera m'kati. Göran Fagerlund, katswiri wofufuza za zipangizo zomangira wa ku Lund, ku Sweden, anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti njerwa, mwala kapena konkire zili ndi mlingo wake wa kunyowa: zikapanda kuufika zimapirira chisanu kambirimbiri, koma zikaupitirira zimang'aluka msanga. Akatswiri polosera amayerekeza mlingo umenewo ndi chinyezi chimene khomalo limakhala nacho pamalo pamene lili.

Kufufumako sikufotokoza zonse. M'timabowo tating'ono kwambiri madzi saundana ngakhale kuzizire kufika pansi pa madigiri 0, ndipo aisi wa m'mabowo okulirapo amakoka madziwo n'kumakula mpaka kukanganula chigamba cha njerwa. N'chifukwa chake ine ndimaopa nyengo ya ku England, ya mvula masana, chisanu usiku ndi kusungunuka m'mawa, kuposa kuzizira koopsa kopeza khoma lili louma.

Mpanda wanu umanyowa mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi pansi pomwe, pamene khoma la nyumba lili ndi denga komanso limalandira kutentha kwa m'nyumba. Kwathu ku Malawi nkhawa ya mpanda imathera pa mvula, choncho sindikudabwa kuti zakudzidzimutsani.

Pogula njerwa zina, funsani wogulitsa gulu lake, pakuti ku Britain zimalembedwa F0, F1 kapena F2 malinga ndi mmene zimapiririra chisanu, ndipo mpanda umafuna F2, gulu lopirira kwambiri. Pamwamba pake muike miyala yovindikira yotulukira kunja pang'ono kuti madzi azidonthera kutali ndi khoma. Penti wotsekera chinyezi m'kati musapakepo, ndipo ngati njerwazo ndi zakale, matope omangira akhale a laimu, osati a simenti yolimba, kuti khomalo liziuma kudzera m'mizere yake.