Kutsitsa pikapu ya 4x4: yankho kwa achimwene a ku Katete

Imelo ya sabata ino yachokera kwa owerenga ena a ku Katete. Akuti agula Isuzu KB ya 4x4 yoyendapo kale, koma yatalika kwambiri: amayi awo okalamba amavutika kukwera, komanso kukwezamo matumba ndi chintchito. Aona pa Facebook mapikapu a ku Johannesburg otsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kukhudza phula, ndiye akufunsa ngati yawo angaichite chimodzimodzi.

Achimwene, kutheka zimatheka ndithu, koma ine sindingakuuzeni kuti teroni. Ndalama zomwe mudawonjezera pogula 4x4 m'malo mwa pikapu wamba, zina mudalipira msinkhu womwewo.

Tiyambe kutsogolo, poti ndi komwe amakanika ambiri amathamangira. Ma KB akale a 4x4, monganso Nissan Hardbody, kutsogolo ali ndi torsion bar, chitsulo chachitali chomwe chimapotoka galimoto ikagunda bampu. Kumapeto kwake kuli bawuti yosinthira. Mukaimasula, mphuno ya galimoto imatsika, ndipo ntchitoyo siifika ndi ola lomwe. Vuto ndi loti mpata wa pakati pa mkono wa tayala ndi labala woimitsa mkonowo umachepa. Pa mahampu a Great East Road muzingomva kuti gu! pansi, mashoko n'kutha msanga. Matayala nawo amapendekeka n'kumadyeka mbali ya mkati, pokhapokha mutapangitsa alayimenti tsiku lomwelo. Hilux za kuyambira 2005 zili ndi masipuling'i ozungulira, ndipo pamenepo ena amatenga gilayinda n'kudula. Makanika akatulutsa gilayinda, chotsanipo galimoto yanu.

Kumbuyo ndiye kuli nkhani yeniyeni. Gwadani musuzumire pansi. Pa ma 4x4 ambiri, masipuling'i a mapale aja amakhala pamwamba pa ekiselo, pomwe pa mapikapu afupi a 4x2 amakhala pansi pake. Mabuloko omwe anyamata a pa Facebook amalowetsa pakati pa ekiselo ndi sipuling'i amatsitsa galimoto ngati sipuling'i ili pansi. Ngati pa yanuyo sipuling'i ili pamwamba, buloko yomweyo idzaikweza! Kuti itsike, pamafunika kusamutsira ekiselo pamwamba pa masipuling'i, zomwe ndi kudula ndi kuwotcherera, apo ayi kuchotsa mapale ena. Mukachotsa mapale, iwalani za katundu. Pikapu ya tani imodzi imanyamula matumba pafupifupi 20 a makilogalamu 50, ndipo kulemera kwanu ndi kwa okwera nawo kuli m'tani yomweyo. Yochotsedwa mapale, matumba ochepa chabe a feteleza, chesisi yakhala kale pa ekiselo.

Pali kachinthu kena komwe ambiri sakadziwa. Mapikapu akale ali ndi valavu ya mabuleki kumbuyo, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kachitsulo kowonda. Bodi ikatsika, valavuyo imayesa kuti mwanyamula katundu, ndiye imatumiza mphamvu yambiri ku mabuleki akumbuyo. Mukatsitsa galimoto osaisintha, mudzaponda buleki mulibe kanthu, mvula ikugwa, matayala akumbuyo n'kugwira, thako la galimoto n'kutsogola. Apa si nkhani ya maonekedwenso ayi, ndi ya moyo.

Nanga misewu yathu? Anzathu a ku Johannesburg amachoka pa phula kupita pa phula. Inu mukangopatuka pa Great East Road kulowa kumidzi ya ku Chadiza kapena ku Vubwi mu Januwale, mumapeza mikwasa ya mathiraki ndi ngolo itakumba mbali zonse ziwiri, pakati patatsala mtumbira. Difu yakumbuyo, chibulunga cha magiya chija chapakati pa ekiselo, siitsika chifukwa msinkhu wake umadalira matayala, koma difu yakutsogolo, sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) ndi thanki zimatsikira limodzi ndi chesisi. Mwala umodzi pa sampu, oyilo yense pansi, injini yapita. Ndipo musaiwale a inshuwalansi ndi a RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto pa msewu: galimoto yodulidwa ndi kuwotchereredwa ikhoza kukuvutitsani pa fitinesi, kapena tsiku lomwe mwachita ngozi.

Tsono za amayi. Choyamba fufuzani ngati mwini wake wakale sadaikweze, chifukwa magalimoto ambiri ogula kwa anthu amabwera atakwezedwa kale. Onani ngati pali mabuloko kumbuyo, ngati mashakolo (tizitsulo tolumikiza masipuling'i ku chesisi) ndi aatali kuposa a kufakitale, ndiponso ngati saizi ya matayala ikufanana ndi yolembedwa pa kachikwangwani ka pakhomo la dalaivala kapena m'buku la galimotoyo. Kuibwezera pa msinkhu wake wobadwa nawo ndiko kutsitsa kokhako komwe ndingavomereze ndi mtima wonse.

Ikakhala kuti ili pa msinkhu wake, ikitsani masitepe a m'mbali. Owotcherera a ku Kapata kuno ku Chipata akhoza kukupangirani, bola muwauze amange ndi mabawuti ku chesisi, osati kuwotcherera pa bodi, ndipo pamwamba pake aikepo chitsulo chokhakhala kuti amayi asaterereke ndi matope. Za matumba, thabwa lolimba lotsamiritsa kumbuyo likwanira.