Mtengo wa mkuwa sukambidwa pa sikelo yanu

Achimwene, mwafunsa kuti malonda otumiza zitsulo zakale kunja amayenda bwanji. Ndikuuzani, koma musayembekeze kuti ndikugwirani dzanja. Ine palibe amene anandigwira.

Chitsulo wamba, makasu othyoka ndi mafelemu a njinga, chimangolemetsa thiraki. Ndalama ili mu mkuwa, kenako aluminiyamu ndi mtovu wa m'mabatire. Ndipo mtengo wake simukamba ndinu, sakambanso amene akukugulani ku Johannesburg. Iyeyo akadzuka amayamba wayang'ana mtengo wa pa London Metal Exchange, msika waukulu wa zitsulo wa ku London, n'kuchotsapo phindu lake, n'kuchotsanso za dothi ndi pulasitiki zomwe akuti zili m'katundu wanu. Chotsalacho ndiye chanu. Kumbuyo kwa London kuli China, yomwe imadya kupitirira theka la mkuwa wonse woyengedwa padziko lino. China ikamamanga nyumba ndi mafakitale, ife timadya nyama. Ikaima, muona.

Ine ndinaziona mu 2008. Pakati pa chakacho tani imodzi ya mkuwa inayandikira madola 9,000. Ndinatenga ngongole ya katapila, ndinaika nyumba chikole, ndinazungulira m'magalaja ndi kwa okonza mamota a zigayo mpaka thiraki inadzaza. Mkuwa woyera, wosankhidwa ndi manja angawa, wa mapepala ake onse. Titafika pa chipata china cha m'malire, bwana wina wa yunifolomu anatembenuza chiphaso changa uku ndi uku, akuti chidindo sichikuoneka bwino. Chidindo cha ofesi yawo yomweyo! Ndinadziwa chimene amafuna, ndipo ndinakana, chifukwa katundu wanga analibe mlandu. Anati mawa. Mawa lake anati wosainira wapita kumaliro. Kenako akuti abwere wodzayeza katundu kuchokera ku likulu. Masabata anadutsa thiraki ili padzuwa, mwini wake akundiwerengera ndalama ya tsiku lililonse, dalaivala akudya za m'thumba mwanga. Nthawi yomweyo mabanki a ku America anayamba kugwa, mafakitale analeka kugula, mkuwa unatsika tsiku ndi tsiku ine ndikuonerera. Pofika Disembala unali pansi pa madola 3,000. Pomwe ankandimasula, wogula uja anali atasintha kale mawu. Ndinagulitsa motaya, ndalama yake sinakwane ngakhale kubweza katapila. Mayi a kunyumba anagulitsa makina awo osokera kuti ana asachotsedwe sukulu. Bwana uja malipiro ake analandira onse mwezi umenewo, ndipo nkhope yake ndikuikumbukira mpaka lero.

Anzanga amene tinayamba nawo ambiri anathera pomwepo. Ine ndinadzuka, nyumba ndinaiombola, ndipo lero anyamata a pa sikelo akakangana za mtundu wa waya amaitana ine.

Mukamva kuti mkuwa wakwera musathamange. Inde, ofuna achuluka: magalimoto oyendera magetsi amadya mkuwa wambiri kuposa a petulo, magetsi a dzuwa nawo akufuna mawaya. Pomwe mgodi watsopano umatenga zaka zoposa khumi kuti uyambe kutulutsa kanthu. Mgodi waukulu wa mkuwa wa Cobre Panama, m'dziko la Panama, utatsekedwa kumapeto kwa 2023 msika unanjenjemera, ndipo mu Meyi 2024 mtengo unadutsa madola 11,000. N'chifukwa chake akuluakulu a ndalama akuthamangira ku migodi ya mkuwa ya ku Solwezi ku Zambia ndi ku Kolwezi ku Congo. Koma iwo amagulitsiratu mkuwa wa miyezi ya kutsogolo pa mtengo wogwirizana kale. Inu ndi ine tilibe chotchinga chotero. Mtengo ukagwa katundu ali pamsewu, wagwera pamutu panu.

Kwacha nayo ili ndi mano. Itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi marandi m'manja anaseka, amene anali atangosintha kumene analira. Malamulonso amasintha usiku umodzi. Kumapeto kwa 2022 South Africa inaletsa kwa miyezi isanu ndi umodzi kutumiza kunja mkuwa ndi zitsulo zakale chifukwa cha kuba mawaya, ndipo ogula athu, posowa kokagulitsa, anatifinya pa mtengo.

Za mawaya obedwazo, mverani. Adzabwera mnyamata madzulo ndi thumba la waya wotenthedwa, wakuda, wonunkha utsi, pa theka la mtengo. Ameneyo wasiya mudzi wonse mumdima, mwinanso chipatala. Ine ndimamubweza pa geti pomwepo. Kilogalamu imodzi yotere ikapezeka m'thiraki, amalanda katundu yense, thiraki ya eni ake, ndipo inu mukagona m'chitokosi m'dziko la eni.