Mapedulo asanu, adaputala imodzi

Achimwene ena andilembera sabata yathayi. Ali ndi mapedulo asanu a gitala (timabokosi topondedwa ndi phazi tosintha mawu a gitala), atopa nako kugula mabatire, ndipo akufuna kudziwa ngati onsewo angayakire ku adaputala imodzi. Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanalumikize. Paja safunsa anadya phula. Ine nditangowerenga funso lanulo, fungo lija linandibwereranso m'mphuno.

Fungo la pedulo yopsa siliiwalika. Anali madzulo, tikukonzekera kuimba, anthu atayamba kale kulowa. Masiku amenewo ma-adaputala anga onse ndinkawaunjika m'kachikwama kamodzi, zingwe zitapiringizana. Onse akuda, onse olembedwa 9V. Ndinapisa dzanja mothamanga, n'kutulutsa imodzi, n'kuisomeka ku overdrive yanga, yoliritsa gitala mokhakhala. Imeneyi inali pedulo yanga yoyamba, yomwe ndinaisungira ndalama miyezi yambiri, ndipo mawu onse amene anthu ankandidziwira nawo ankachokera mmenemo. Ndinaponda, kagetsi kofiira sikanayake. Ndinapondanso. Kenaka kunabwera kafungo ngati ka pulasitiki yowauka, ndipo woimba ng'oma anatembenuka n'kundiyang'ana. Usiku wonsewo ndinaimba gitala yolunjika ku ampu (chokuzira mawu), zala zikuyenda koma mtima uli pansi pa phazi langa. Nditafika kunyumba ndinayatsa nyale n'kuwerenga timalemba tating'ono ta pa adaputala paja. Pambuyo pa 9V panali zilembo ziwiri: AC. Inali ya chipangizo china. Pedulo yanga inkafuna DC, magetsi oyenda njira imodzi, koma ine ndinaipatsa magetsi opita uku ndi uku. Wokonza atatsegula anapeza diode yoteteza itapsa, chip nacho chitafa. Anaikonza, ikuimbabe mpaka lero, koma masabata amene inakhala kwa wokonzayo ndinawamva kuwawa.

N'chifukwa chake magazi amandiwira ndikamva munthu akuuza wongoyamba kumene kuti 9V ndi 9V basi, bola pulagi yalowa. Limeneli ndi bodza lowonongetsa katundu wa anthu. Kulowa kwa pulagi sikutsimikizira kanthu. Mapedulo a Line 6 DL4 yoyamba ija ndiponso DigiTech Whammy 4 amagwiritsa ntchito ma-adaputala a 9V AC. MXR Flanger imafuna 18V. Deluxe Memory Man ya Electro-Harmonix imafuna 24V. Tengani 18V muipatse pedulo yopangidwira 9V, ma-capacitor ake akhoza kutupa kapena kuphulika. Zonsezi zimakhala m'chikwama chimodzi cha woimba mmodzi, ndipo mumdima zimafanana.

Ndiye pali nkhani ya pozitivi ndi negetivi. Mapedulo ambiri amatsatira njira imene kampani ya Boss inafalitsa ndi timapedulo take timene tinayamba kutuluka mu 1977: pulagi ya 2.1 mm, negetivi ili pakati, pozitivi ili kunja. Zipangizo zambiri za m'nyumba, monga router ya intaneti, n'zotembenuza, pozitivi ndiyo ili pakati. Kale ndinkaona ngati opanga mapedulo anangofuna kutivutitsa, koma chifukwa chilipo. Kaswichi ka m'soketi ya pedulo kali ku mbali yakunja ya pulagi, choncho mukasomeka adaputala kamadula waya wa pozitivi wa batire, batire n'kupuma. Ndimaikonda nzeru imeneyi. Koma ikutanthauza kuti adaputala iliyonse yotola m'nyumba ndi mdani mpaka mutaona kachithunzi kosonyeza mbali imene ili pakati.

Chimene anthu amachiopa kwambiri ndicho chosaopsa: ma-mA, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene chipangizo chimatunga. Wina amaona adaputala yolembedwa 1700 mA, ngati 1 Spot ya Truetone, pedulo yake ikufuna 10 mA, ndiye amati ipsa. Siingapse. Mavoti, V ija, amachita kukankhidwira mu pedulo, ifune isafune. Ma-mA pedulo imatunga yokha mlingo umene ikufuna, monga mmene kukula kwa chitsime sikungaphulitse ndowa. Vuto limakhala chitsime chikachepa. Boss DS-1 imadya ma-mA ochepa chabe, Tube Screamer siifika 10 mA, koma Strymon TimeLine imafuna 300 mA. Pedulo ya digito ikamanidwa magetsi imazima yokha, kuyakanso yokha, kapena kulira zosadziwika, adaputala nayo n'kumatentha.

Pano ndinene mosapsatira: daisy chain si tchimo. Ndi chingwe chimodzi chokhala ndi mapulagi angapo, onse akumwa pa gwero limodzi, ndipo ine ndinaimba nacho zaka zambiri popanda vuto, ndili ndi tuner, overdrive, distortion ndi chorus. Anthu amene amanyoza mwana wa mapedulo atatu a analogi kuti agule bokosi lodula la magetsi asanaphunzire n'komwe kukhotetsa waya wa gitala bwinobwino akumulakwira. Ndalama imeneyo agulire mawaya atsopano a gitala ndi zingwe zabwino zolumikizira. Phokoso lambiri limene ndalisakapo pa mabolodi a mapedulo a anzanga linkachokera ku kachingwe kakafupi kothyoka m'kati, magetsi ali bwinobwino.

Koma pa daisy chain mupatule fuzz, pedulo ya mawu okhakhala kwambiri. Fuzz Face yakale, ija inatuluka mu 1966, pamodzi ndi zina zotengera iyo zokhala ndi ma-transistor a germanium a mtundu wa PNP, ground yake (njira imene magetsi ndi mawu zimabwererako limodzi) ndi pozitivi. Mukaiika pa daisy chain limodzi ndi anzake a ground ya negetivi, pozitivi ndi negetivi zimakumana kudzera m'zingwe za mawu, n'kuchita shoti. Yanga ndimaisiya pa batire. Imadya pang'ono zedi, batire limakhalitsa bola muzizula chingwe cha gitala mukamaliza, komanso ndimakonda mmene imamvekera batire likayamba kufooka, mawu ake amafewa n'kumang'ambika m'mphepete. Kampani ya Voodoo Lab mpaka inaika timakono tochepetsera mavoti pa malo awiri mwa asanu ndi atatu a bokosi lake la magetsi la Pedal Power 2 Plus pofuna kutsanzira batire lotopa lomwelo.

Za phokoso

Tsiku limene ndinagula delay ya digito, pedulo yobwereza mawu, ndilo daisy chain yanga inayamba kundikana. Ndikaponda overdrive, kumbuyo kwa mawu kunkamveka kulira kosalekeza ngati udzudzu. M'kati mwa pedulo ya digito muli kakompyuta kothamanga kwambiri, ndipo zinyalala zake zimabwerera m'chingwe cha magetsi. Poti onse akumwa pamodzi, overdrive imazitola n'kuzikulitsa, pakuti kukulitsa ndiyo ntchito yake. Palinso kung'ung'uza kwa pansipansi kumene kumabwera ground ikakhala ndi njira ziwiri, ya chingwe cha mawu ndi ya chingwe cha magetsi, makamaka mapedulo ena akakhala kutsogolo kwa ampu, ena mu effects loop, masoketi apadera a pa ampu olumikizirako mapedulo. Mankhwala ake ndi bokosi la isolated, limene pedulo iliyonse ili ndi gwero lake losakhudzana ndi la inzake. Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti mabokosi ena otchipa amalembedwa isolated pamene m'kati ndi daisy chain yovekedwa chitsulo. Tengani multimeter (chipangizo choyezera magetsi), bokosi lili lozimitsa, muyese pakati pa negetivi ya malo amodzi ndi ya ena. Ikalira, n'zolumikizana. Ndipo pedulo ya wah musaiyandikitse ku bokosi lokhala ndi thiransifoma, koyilo yake imatola kung'ung'uza ngakhale magetsi ali oyera.

Tsono achimwene, tembenuzani mapedulo anu asanuwo muwerenge pansi pake kapena m'mabuku ake. Onse amene ali 9V DC, negetivi pakati, akhoza kugawana adaputala imodzi yopangidwira mapedulo. Phatikizani ma-mA awo, ndipo adaputala ikhale ndi ochulukirapo ndithu kuposa chiwerengerocho. Ya mavoti ena, ya AC, kapena fuzz ya ground ya pozitivi, ikhale payokha. Mukamva udzudzu uja, zulani pedulo imodziimodzi mpaka usiye, ndipo yolakwayo muipatse adaputala yakeyake musanaganize zogula bokosi. Pa pulagi iliyonse matanipo katepi, mulembepo dzina la pedulo yake. Zanga zonse zili ndi tepi, ya AC ija ndinaimata yofiira.