Mwana akufuna sayansi ya nsomba, bambo akuti udokotala

Mtsikana wa Folomu 4 wa ku Mangochi wandilembera kuti akufuna kudzaphunzira mmene mitundu yatsopano ya nsomba imayambira m'nyanja imodzi popanda phiri kapena mtunda wozilekanitsa, koma bambo ake amuuza kuti akapanda kusankha udokotala aiwale za fizi. Makalata otere ndimalandira chaka ndi chaka, ndipo amandipweteka mtima.

Mwana wanga, funso lakoli si lachibwana. M'Nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja la mbuna, utaka ndi chambo, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Nsomba za kholo limodzi zimatha kupatukana pamene zina zazolowera kupala ndere pamiyala, zina kusaka tizilombo mumchenga, kenako zazikazi n'kumalola zazimuna zokhazo za maonekedwe a gulu lawo. Mibadwo ikachuluka, magulu awiriwo amaleka kuswana ngakhale akusambira m'madzi amodzi. Komabe usafulumire kunena kuti mbuna zonse zinayamba choncho, pakuti mbuna imakakamira pamiyala pake, ndipo mchenga wa pakati pa chilumba ndi chinzake umailekanitsa ndi zinzake. N'chifukwa chake akatswiri amadalira kwambiri tinyanja ting'onoting'ono, momwe mulibe chotchinga cholekanitsa nsomba. M'kanyanja ka Masoko, kum'mwera kwa Tanzania, nsomba ya mtundu umodzi ikugawika pawiri: zazimuna za pansi pakuya ndi zabuluu, pomwe zambiri za m'mbali mosaya ndi zachikasu. Ku Barombi Mbo, m'dziko la Cameroon, kanyanja kamodzi kali ndi mitundu 11 yakeyake ya banja lomweli.

Inu bambo, malo a udokotala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ochepa, ndipo kuopseza mwana ndi fizi sikumuchepetsera mapointi. Mukungomufooketsa pa phunziro limene amalikonda, chonsecho kafukufuku wambiri wa nsomba za kwanu komweko wachitidwa ndi akatswiri ochokera kunja. Ine ndikufuna kuona ana a ku Mangochi akugwira okha ntchito imeneyi.

Nawenso usadzinamize. Digiri yoyamba siidzakusandutsa wofufuza, ndipo ambiri omaliza maphunzirowa amakaphunzitsa ku sekondale kapena kukagwira ntchito ya ulangizi kwa asodzi ndi alimi a nsomba. Kafukufuku weniweni amafuna digiri yachiwiri, kawirikawiri ya sikolashipu yolimbirana, komanso masamu ndi Chemistry, chifukwa ntchito yake masiku ano ndi yosanthula DNA, imene imasunga chibadwa cha zamoyo, pa kompyuta. M'kalata yako watamanda Biology yekha, za masamu sunatchuleko, ndipo zimenezo zandidetsa nkhawa.

Ngati uli wotsimikiza, yang'ana maphunziro a za nsomba ku Bunda pansi pa LUANAR ndi ku Mzuzu University, kapena Biology ku University of Malawi ku Zomba. Fufuza magiredi amene akufuna, uwalembe papepala, ukawaonetse bambo ako mwaulemu mayeso a MSCE asanafike.